Ngodya Yotentha ya Amake Jino

Pyo Malsun ali ndi zaka 72. Ndi mkazi wa Yom Dokbe, mayi wa ana atatu, ndipo amagulitsa soya wovundika pamsika wa ku Chunyang. M'mudzi mwawo mu Solmi amamutcha amake Jino. Dzina lake lenileni limamveka kuchipatala kokha.

Ntchito yake ndi ya nyengo yozizira. Amawiritsa soya mpaka afewe, kumuthira m'madengu oyala mapesi a mpunga, kufundika mabulangete, n'kusiya madenguwo pofunda. Pakapita masiku ochepa soyayo amatulutsa ulusi wonanda ngati therere, ndi fungo loti mlendo wa m'tauni amabwerera pakhomo. Amamusinja pang'ono ndi mchere, kuumba timibulu, anthu n'kumagula kukaphikira msuzi. Mayi aliyense m'chigwa chimenechi amadziwa kuvundika soya, koma tsiku la msika mzere umakhala pa amake Jino.

Luso analinalo, koma chachikulu chinali pansi pa nyumba yake. Inali nyumba yachikale. Moto wa malasha oumba unkasonkhedwa kukhitchini, utsi wake n'kumadutsa kunsi kwa chipinda kukatulukira kuseri. Ngodya yoyandikana ndi motowo inkatentha kuposa pena paliponse, mpaka pepala loyala pansi linada ndi kupsa. Mlendo akalowa ankamukankhira pamenepo. Dokbe ankawotcha msana wake pamenepo. Madengu a soya ankakhalanso pomwepo, ndipo sanalepherepo.

Mmawa wina, masamba a m'mapiri atafiira, Dokbe anadzuka, kuyenda mpaka pachitseko n'kugwa ngati thumba. Pansi panali patang'aluka, mpweya wa malasha unalowa m'chipinda. Malsun anali kale panja kudyetsa nkhuku. Anamukoka miyendo mpaka pabwalo, kuthamangira kumtsuko, kutunga madzi ozizira amchere oviikamo mizu ya radishi n'kumumwetsa, monga ankachitira amayi ake. Kuchipatala dokotala ananena mosapsatira. Madzi a radishi sanachite kanthu, chimene chinamupulumutsa ndi mpweya wa panja, ndipo motowo usasonkhedwenso.

M'basi pobwerera Malsun ankamwetulira yekha.

"Ukusekerera chiyani?" anafunsa Dokbe. "Ine ndatsala pang'ono kufa."

"Simunafe, madala. Ndiye tikukumba pansi."

Malsun anali atawola phulusa kuyambira tsiku limene anakwatiwa. Tsopano basi. Anzake onse anali atasiya kale malasha, ena anayika magetsi, ena gasi wochokera m'thanki yaikulu imene inaikidwa kumapeto kwa mudzi. Iye yekha ndiye ankapita ku holo ya okalamba zikhadabo zili bii. Usiku sanathe kugona ndi chimwemwe. Koma kutacha, akuyang'ana matumba a soya amene anali atagula kale, chimwemwecho chinadukiza. Pansi patsopano pakhala ngodya yotentha?

Anakafunsa ku holo, kumene amayi amasonkhana masana kusewera makadi. Funso limodzi linagawa chipinda pawiri.

"Magetsi, achemwali," anatero amake Sora, mayi wamasiye wokonda zatsopano. "Amangoyala timapepala kunsi kwa kapeti, tsiku limodzi atha. Mukapotokola kabatani pakhoma, musanavule n'komwe jasi matako ayamba kale kupsa."

"Ndipo mukapotokolanso, musanafike pachitseko pazizira," anatero amake Tesu, amene anali wa gasi. "Ife madzi otentha amazungulira m'mapaipi m'kati mwa simenti. Kufunda kwake n'kwaulemu, kuyambira khoma ili mpaka ilo."

"Kwaulemu! Kwanu kuja munthu amakhala ndi jasi ngati ali pasiteji ya basi."

"Bola ine sindinapsepo ntchafu ngati nsomba yowamba."

"Munaziona liti ntchafu zanga, mfiti inu?"

Makadi anamwazika, anthu akuseka. Malsun anawasiya atsirize.

"Ine sindikufunsa za matako anu," anatero. "Ndikufunsa za soya wanga."

Onsewo anasiya kuvundika soya pamene anasiya malasha, n'chifukwa chake ankagula kwa iye.

Malsun sakhulupirira zonena. Anawiritsa soya panja pamafuwa, kudzaza timadengu tiwiri, kamodzi n'kupita nako kwa amake Sora, kena kwa amake Tesu.

"Mundisungire mwana uyu. Musamuvundukule."

"Nyumba yanga inunkha mpaka chilimwe," anadandaula amake Sora.

"Ikanunkha, mumva ndi inu nokha. Ndani amabwera kwanu?"

Kwa amake Sora zinatha msanga. Tsiku lotsatira anafika akuthamanga, masilipasi m'manja. Mabulangete aja anatsekereza moto wa magetsi pamalo amodzi, kapeti wa pulasitiki n'kutupa ngati chithuza. Soya wa pansi anauma gwa, wa pamwamba anali wozizira.

"Kapeti wanga, achemwali! Mwana wanga akadzabwera ndidzati chiyani?"

"Mudzaikepo tebulo."

Kwa amake Tesu anadikira mpaka nthawi yake itakwana. Atavundukula anapeza soya wotuwa, wowawasa, wopanda ulusi ndi umodzi womwe. Malsun anagwada n'kuyamba kupapasa pansi ndi chikhatho, kuchoka pachitseko mpaka pazenera. Ponse panali chimodzimodzi, pofunda ngati mkaka wa mwana.

"Ndiye kwanu kuno mlendo mumamukhazika pati?"

"Paliponse."

"N'chifukwa chake dziko lasokonekera."

Anataya madengu onse awiri kwa nkhumba za mnansi. Kunyumba Dokbe anali atasankha kale. Iye ankafuna magetsi. Mawu akuti gasi ankangomumvekera ngati mpweya uja unamugwetsa.

"Ndafa kamodzi, zandikwana," ankatero. "Soya usiye. Ana akutumiza zokwanira."

"Ndisiye soya ndizichita chiyani? Ndizikuyang'anani inu?"

Ankagona pa kamatiresi ka magetsi kobwereka, m'nyumba yozizira ngati mtsuko. Tsiku la msika Malsun anapita wopanda katundu, kukangogula mchere. Anthu anamuimitsa katatu asanafike pa wogulitsa mchereyo. Amayi, chaka chino mwachedwatu. Amayi, kodi mwasiya? Mayi wina wa malo odyera pafupi ndi siteshoni ya sitima, amene ankatenga theka la katundu wake chaka ndi chaka, ananena kuti adikira mpaka kugwa kwa chipale chofewa choyamba, kupitirira apo akafuna kwina. Malsun anangogwedeza mutu. Anabwerera osagula mchere uja.

Kenaka inafika nthawi yokonza kimchi, kabichi wovundika ndi mchere ndi tsabola, wa chaka chonse, pamene amayi amazungulira nyumba ndi nyumba kuthandizana. Tsiku la kwa amake Tesu kabichi anali mulu pabwalo. Anapaka tsabola mpaka manja kuchita dzanzi, kudya nyama ya nkhumba yowiritsa yokulunga m'masamba, kenaka Malsun analowa m'nyumba kukatsuka mabeseni. Anaima pa sinki ndi masokosi okha. Anatsuka beseni loyamba. Ali pa lachiwiri anaona kuti akusinthasintha mapazi ngati nkhuku pamchenga wotentha.

Anaima. Anasuntha pang'ono kumanzere. Pofunda chabe. Anabwerera. Potentha.

Beseni linagwera m'sinki.

"Amake Tesu! Amake Tesu, bwerani kuno!"

Amayi onse analowa ndi magolovesi ofiira, akuganiza kuti wadzicheka. Anamupeza atagwada, mutu uli m'kabati ya kunsi kwa sinki, mapoto atawatulutsira panja.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi pogawira madzi. Mapaipi onse a m'nyumba muno amayambira pamenepo."

Malsun anawawerenga ndi chala. Ankatuluka pamodzi, mothithikana ngati zala za dzanja, kulowa m'simenti, n'kukabalalikira kutsogolo.

"Ndiye pamene athithikana pamatentha!"

"Kaya. Ine ndimangoti ndi pabwino potsukira mbale."

"Chitsiru cha mkazi! Muli ndi ngodya yotentha m'nyumba, mukuimikapo chidebe cha zinyalala!"

Malsun anamupsompsona pachipumi, kuvala nsapato za munthu wina n'kuthamangira kwawo, epuloni ili ndi tsabola yekhayekha.

Woika mapaipi anali Ma Gisu wa ku Chunyang, bambo wa imvi zake, amene anakumba pansi pa nyumba zambiri za m'mudzimo. Anabwera ndi tepi yoyezera. Malsun anamulowetsa m'chipinda n'kumuonetsa pepala lakupsa lija.

"Apa. Mapaipi ako athithikane apa ngati mmene amachitira kunsi kwa sinki. Madzi akachoka pamoto ayambe afika pano. Kwinako uchite zako."

Ma anakanda mutu.

"Amayi, pansi pamakono pamayenera kufunda mofanana. Zimene mukunenazi ndi zimene anthu amandiitanira kuti ndidzakonze."

"Ndiye undiwonongere bwinobwino."

"Anthu akadzaona adzati Ma sadziwa ntchito."

"Ndidzawauza kuti unali utaledzera. Akhulupirira."

Ma anaseka mpaka kutsokomola. Anayeza ngodyayo, kuganiza pang'ono, n'kunena kuti zitheka, bola asadzamuimbire foni kuti kwinako kukuchedwa kufunda. Dokbe anali atakhala pakhonde, nkhope atalozetsa kuphiri.

"Ine gasi ayi," anatero osatembenuka.

"Bambo, gasi salowa m'nyumba," anatero Ma. "Boyila wotenthetsa madziwo timuika panja m'kashedi. Pansi panu pazidutsa madzi basi."

"Malashanso ankayaka kukhitchini. Anandipeza kuchipinda."

"Madala," anatero Malsun, "mukufuna pogoneka msana kapena simukufuna? Kwa amake Sora mukaika bulangete pansi pamatupa. Mukufuna mutupe inu?"

Dokbe sanavomere. Sanakanenso. Kwa Malsun zimenezo zinakwana.

Anasamukira ku holo ya okalamba pamene nyumba inkakumbidwa. Malsun ankapita kukaona ntchito mmawa, masana ndi madzulo. Miyala yakuda ya pansi pakale inatulutsidwa, iye osaiyang'ana kawiri. Tsiku loyala mapaipi anabwera ndi kampando n'kukhala pachitseko. Ma anapinda paipi yoyera pangodya paja, kuibweza, kuipindanso, mizere ili pafupipafupi.

"Thithikiza."

"Ikapindika kwambiri ithyoka, amayi."

"Thithikiza pang'ono pokha. Ndakuphikira nkhuku."

Mudzi wonse unabwera kudzasuzumira pazenera. Ena anati amake Jino apenga. Amake Tesu anati akanadziwa akanachita zomwezo. Simenti itathiridwa, Malsun anayenda mozungulira nyumba ngati mlonda, kuthamangitsa amphaka ndi mwamuna wake.

Tsiku loyatsa boyila anakhala pansi pangodyapo, zikhatho zonse ziwiri pa simenti. Panapita nthawi. Kenaka kutentha kunayamba kukwera, pang'onopang'ono, mpaka anachotsa dzanja limodzi n'kuliuzira.

"Madala! Bwerani mudzakhale!"

Dokbe anakhala. Anatsamira khoma, kutseka maso.

"Ehe," anatero.

Madzulo omwewo Malsun anawiritsa soya wodzaza madengu anayi. Chipale choyamba chinali chitayandikira, mitambo inkaoneka. Anafundika madengu, kuimbira foni mayi wa kusiteshoni uja kuti asafune kwina, n'kuyamba kuimba nyimbo akusesa.

Nthawi itakwana anavundukula. Soya anali wotuwa, wowawasa. Ulusi panalibe.

Anakhala pansi. Anaganiza za mapesi, koma anali a chaka chomwecho. Anaganiza za soya, koma anali wa munda womwe uja. Anagwira pansi, panali potentha bwinobwino. Masana onse anayenda ndi funso limenelo. Madengu anayi anapita kwa nkhumba.

Kutacha anadzuka kusanayere kwenikweni, ndipo asanachite china chilichonse anapisa dzanja pangodya paja. Panali pozizira ngati mwala wa kumtsinje. Anatsegula chitseko. Chipale chinali chitagwa, choyamba cha chaka, chopyapyala. Pamwamba pake panali mapazi a munthu, kuchoka pakhonde kupita kukashedi ka boyila ndi kubwerako. Anali a nsapato zazikulu za mphira, phazi lamanzere lokoka pang'ono.

Anawatsatira. Kampopi ka gasi kanali kotseka.

Dokbe anatuluka atavala jasi pamwamba pa zogonera, akuyenda monyang'ama. Atafika pakashedi anapeza mkazi wake ataima pomwepo, manja m'chiuno.

"Mwadzuka msanga, madala. Mukupita kuti?"

"Kukodza."

"M'boyila?"

Dokbe anayang'ana nsapato zake.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku loyamba. Ukagona ndimatseka, kusanache ndimatsegula. Lero ndagonereza."

"Madengu anayi! Soya wanga mumamugoneka pozizira ngati mtembo, ine n'kumatukwana Ma mumtima!"

"Soya, soya. Ukudziwa mmene zimakhalira? Sumva fungo, sumva kupweteka. Umangoona chitseko chili patali." Anapukuta mphuno. "Tsiku lija iwe unali panja, unandikoka. Nanga ukadzagwa iweyo? Ine ndingakukoke, ndi msana uwu?"

Malsun anamuyang'ana.

"Mukunena kuti ndanenepa?"

"Ndikunena kuti sindingakukoke."

Malsun analowa m'nyumba. Dokbe anaganiza kuti wakatenga tsache. Koma Malsun anatuluka ndi kapu ya madzi a sopo ndi mswachi wakale. Anali ataona Ma akuchita zimenezi tsiku lolumikiza mapaipi, ndipo anafunsa chifukwa chake. Anatsegula kampopi, kuviika mswachi, kupaka thovu polumikizira paipi.

"Yang'anani. Gasi akamatuluka, thovu limafufuma ngati chule. Likufufuma?"

Dokbe anawerama, kuyandikitsa maso.

"Ayi."

"Apa?"

"Ayi."

"Gwirani. Pakani nokha paliponse pamene mukukayika. Mukaona chule mmodzi yekha, tsekani, ine sindidzanena kanthu. Mukapanda kumuona, dzanja lanu lisakhudze kampopi aka. Likakhudza ndidzalivundika pamodzi ndi soya."

"Nanga utsi wake?"

"Chumuni icho chaloza kuphiri. Kaikeni mphuno."

Dokbe anazungulira kashedi, kuyang'ana chumuni, kubwerera. Anapaka polumikizira paliponse, kuyambira pa boyila mpaka pamene paipi imalowa m'nthaka. Anatha kapu yonse. Chule sanaoneke.

Soya wotsala anali wa madengu atatu okha. Malsun anaimbiranso mayi wa kusiteshoni. Mayiyo anati chipale chagwa, pangano latha. Malsun anati chipale chimenecho chasungunuka dzuwa lisanafike pamutu, sichiwerengedwa. Anakangana, mayiyo n'kuvomera kudikira msika umodzi wokha.

Anawiritsa, kuthira m'madengu, kufundika. Madzulo aliwonse Dokbe ankatuluka ndi kapu ndi mswachi, kubwera n'kunena kuti palibe. Mmawa uliwonse Malsun ankapisa dzanja kunsi kwa mabulangete asanatsegule n'komwe maso. Panali potentha. Tsiku lachiwiri fungo linayamba. Tsiku lotsatira linafika mpaka kumsewu, wobweretsa makalata anatseka mphuno ndi chipewa.

Malsun anasamba m'manja, kutenga chipande, kugwada. Anachotsa bulangete loyamba, lachiwiri, kenaka nsalu. Pamwamba pa soya panali poyera ngati pagwa nkhungu. Anapisa chipande n'kukweza. Ulusi unatsatira. Anakweza mpaka pachifuwa, ulusi osaduka. Anaimirira, dzanja m'mwamba, ulusi ukulendewerabe kuchoka pachipande mpaka m'dengu.

"Madala! Madalaaa!"

Dokbe analowa ndi mswachi m'manja.

"Taonani! Taonani mwana uyu! Ngakhale pa malasha sanatalikepo chonchi!"

"Ukudonthezera pansi patsopano."

"Pansi ndi panga!"

Anatuluka ndi chipandecho, masokosi okha pa chipale, kulowera kwa amake Tesu, kenaka kwa amake Sora, ulusi ukuuluka m'mbuyo. Amayi a ku holo anabwera onse kudzaona. Anadzaza chipinda, kulimbirana ngodya, wina kukankha mnzake ndi chigongono. Malsun anaphika msuzi mumphika waukulu, soya watsopano, kimchi ndi tizidutswa ta tofu, mkaka wa soya woundana. Amake Sora anadya mbale ziwiri n'kufunsa nambala ya Ma.

Tsiku la msika madengu atatu aja anatha dzuwa lisanakwere. Mayi wa kusiteshoni anatenga theka lake, osanunkhiza n'komwe.

Chaka chino ndi chachitatu chiikireni gasi. Nyumba zina zinayi mu Solmi zakumbidwanso kuti mapaipi athithikane pangodya, ndipo awiri mwa eni ake ayambanso kuvundika soya wawo. Malsun wataya makasitomala awiriwo. Madengu ake tsopano ndi asanu ndi limodzi.